Ngongole ya Manja ya ba Kafula

Ba Kafula anali nane ngongole, koma sinali ya ndalama. Ikadakhala ya ndalama sindikadavutika, chifukwa ondikongola nkhuku ku Kalikiliki kuno amandidziwa. Ndimakakhala pakhomo pawo ndi beseni langa mpaka manyazi awagwire. Ngongole ya ba Kafula inali ya manja. Ankatenga manja a mwana wanga Emelda Loweruka lililonse, nalonjeza kuti adzabweretsa awo. Mvula inayamba, inagwa, inasiya, koma mayi ameneyu osakhudza nthenga ngakhale imodzi pakhomo panga.

Ine ndine Mainess, amake Emelda. Ndimagula nkhuku zamoyo, kuzipha, kusosola, kudula zidutswa ndi kukagulitsa pamsika wa Mtendere. Loweruka ndiye tsiku la malonda, anthu amagula ndiwo za Lamulungu. Ndipo pa ana anga onse, wososola nkhuku mwachangu osang'amba khungu ndi Emelda. Bambo wake ali kumigodi ku Solwezi, choncho zapanyumba pano ndimaweruza ndine.

Ba Kafula amachita lendi kuseri kwa mpanda wathu. Kwawo ndi ku Kitwe, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni. Mwamuna sitinamuonepo, mwana sitinamuonepo. Chimene tinkaona ndi zikhadabo, zazitali, zopaka utoto, sabata ino zofiira, sabata yamawa zobiriwira.

Tsiku lina anabwera ndikutsuka mipeni. Amanditchula kuti bana Emelda, monga amachitira Abemba.

"Bana Emelda, mwana wanu ali na mutu wabwino. Nifuna nizimutenga ku Chilenje pa Loweruka. Tili na kalabu ya masewera a mawu achizungu. Chizungu chake chizakwera, mayeso a giredi naini azapasa bwino."

"Mulipiritsa zingati?"

"Palibe. Ni mahala."

Pamenepo ndiye ndinasiya mpeni. Ine ngakhale mutu wa nkhuku sindipereka ulere. Munthu wopanda chibale nawe akabwera ndi chinthu chaulere, ndiye kuti mtengo wake wauika kwina kumene sukuona.

"Nanga za minibasi?"

"Nizalipira ine."

"Nanga nkhuku zanga asosole ndani?"

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti akatenga manja awiri abweze manja awiri. Mwana akapita Loweruka zingapo, iwo abwere tsiku limodzi la ofu adzakhale pa beseni kuyambira m'mawa. Anavomera msanga kwambiri, akusekabe, ndipo kuvomera msangako sikunandisangalatse. Koma Emelda anali ataima pakhomo akundiyang'ana ngati mbuzi yomangidwa, ndipo nkhani ya mayesoyo inandigwira. Ine sukulu ndinalekera giredi foro, Chizungu changa ndi cha mitengo ya nkhuku basi. Ndinati apite.

Kuyambira pamenepo zifukwa sizinathe. Lero andisintha shifiti. Lero ndili ndi chimfine. Lero kuli maliro ku Matero. Tsiku lina anandionetsa zala n'kunena kuti angopakitsa kumene, ndidikire utoto ukalambe. Ndinawafunsa ngati utotowo umakalamba chaka chanji.

Ndiye kunyumba zinthu zinayamba kusintha. Emelda anayamba kuyankhula yekha. Akutsuka mbale, milomo ikuyenda. Akutunga madzi, milomo ikuyenda. Ndinamuyandikira kumbuyo tsiku lina kuti ndimve.

"Retain, retina. Retains, retinas, nastier, stainer."

"Ukuyankhula ndi ndani?"

"Palibe, Mami. Ndi mawu. Otalika mofanana ali ndi zilembo zofanana, ungozisintha malo."

"Ndiye ukawanena kachikwi amabala chiyani?"

"Amakhala m'mutu."

Sabata ina anali pa mawu okhala ndi chilembo cha Q, sabata ina a Z, kumangoti zi zi zi ngati udzudzu. Zimenezo ndikadazipirira. Chimene chinandiimitsa mutu ndi kathumba. Anabwera nako kuchokera kwa ba Kafula, ka nsalu yobiriwira, kokhala ndi chingwe kukamwa. Ndinamupeza atakhala pamphasa. Anakweza kathumbako pamwamba pa mutu, nkhope n'kuyang'ana kumbali, n'kulowetsa dzanja osaona, n'kutulutsa tinthu toyera, n'kutindandalika pansi, n'kuyamba kutiyang'anitsitsa, milomo ikuyenda.

Ine ndinakulira ku Katete. Munthu wotulutsa tinthu m'thumba osayang'ana, kutiyala pansi n'kumatiwerenga, ndinamuonapo, ndipo sanali mphunzitsi wa Chizungu. Ndiponso kuno ku kompaundi nkhani zimamveka za ana otengedwa ndi anthu ovala bwino, kuwapatsa zakudya ndi masikipa, mapeto ake mwana sakudziwanso amake.

"Bwanji sukuyang'ana m'thumbamo?"

"Ndi lamulo, Mami. Ukayang'ana ndiye kuti ukuba."

"Lamulo la ndani?"

"La masewera."

Atapita kusukulu ndinakatenga kathumbako. Munali timapulasitiki tating'ono, kalikonse ndi chilembo chake ndi kanambala pakona. Ndinanunkhiza, palibe. Ndinaluma kamodzi, pulasitiki basi. Tiwiri tinalibe cholembedwa chilichonse, toyera mbali zonse, ndipo timeneto ndi timene ndinatikayikira koposa. Ndinativiika tonse m'madzi a mchere, n'kutiyanika padenga la khola, n'kutibwezera. Emelda anangodabwa kuti zala zikumata.

Kenako ba Kafula anabwera ndi nkhani ya Kabwe.

"Kuli mpikisano waukulu, bana Emelda. Tizagona kwamene kuja. Basi ni ya mahala, vakudya ni va mahala, malo ogona ni mahala, na sikipa azamupasa."

"Zaulere zachuluka."

"Ni mwayi wa mwana."

"Nanga manja anga?"

"Tikabwela ku Kabwe, nizabwela. Nalumbila."

Ndinawauza kuti ndiganiza. Sindinali kuganiza kanthu, ndinali nditaganiza kale. Loweruka lotsatira ndinawasiya anyamuke, ndinasiyira mnzanga wa tebulo loyandikana nkhuku zanga, n'kukwera minibasi yapambuyo. Sindinavule ngakhale epuloni. Kondakitala anandiuza kuti ndikununkha nkhuku, ndinamuuza kuti nkhukuzo n'zimene zikumulipira.

Ku Chilenje ndinafunsa azimayi ogulitsa tomato kumene anthu amasonkhana ndi timatumba tobiriwira. Anandilozera holo ina kuseri kwa tchalitchi. Ndinayembekezera kumva nyimbo, kapena kuseka, kapena phokoso la mabotolo. Kunali zii. Holo yodzaza anthu, koma zii, ngati m'chipatala. Chinthu chabwino anthu sachitira mwakachetechete chotero, ndinadziuza choncho, n'kupita pawindo.

Munali matebulo ang'onoang'ono, lililonse anthu awiri moyang'anizana. Ambiri anali amuna, ena a mataye. Ba Kafula anali patebulo la kutsogolo ndi mayi wina. Emelda wanga anali pakona, moyang'anizana ndi bambo wa imvi, wamkulu kuposa bambo wake, mawondo awo pafupifupi kugundana pansi pa tebulo. Pakati pawo panali bolodi ndi kawotchi ka mabatani awiri. Mwana akaika tizilembo take amadina wotchi, bamboyo n'kulemba papepala. Ndinati kodi akuwerengera nthawi ya chiyani, ndipo akulemba mtengo wa chiyani.

Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuwawa. Kenako Emelda anaika tizilembo tonse timene anali nato, mzere wautali. Bamboyo anayang'ana, anavula magalasi, anayang'ananso. Anadina wotchi n'kunena liwu limodzi.

"Chalenji."

Onse awiri anaimirira. Bamboyo patsogolo, mwana wanga pambuyo, kulunjika kuseri kwa kabati yaikulu kumapeto kwa holo. Palibe ngakhale mmodzi anadzutsa mutu.

Sindikumbuka kuti chitseko ndinachitsegula bwanji. Ndinangopezeka ndagwira Emelda pamkono.

"Mukupita naye kuti mwana wanga?"

Holo yonse inatembenuka. Wina anati shii. Ndinamuuza kuti shii akauze nkhuku za kwawo.

"Mami," Emelda anatero ndi mawu apansi, "mwabwera kudzatani?"

Kuseri kwa kabatiko kunali katebulo ndi kompyuta yotsegula, basi. Ba Kafula anafika akuthamanga, zikhadabo m'mwamba.

"Bana Emelda, aba ni ba Mpundu, ba tcheyamani batu. Palibe choipa. Bakayika chabe mawu yamene Emelda aika. Mu masewera aya, ngati ukayika mnzako, uimika wotchi, muyenda bonse babili kufunsa makina. Ngati mawu ni yaboza, ayachosa, ataya na mwayi wake."

Ndinamasula mkono pang'ono. Kunena zoona, lamulo limenelo ndinalikonda. Masewera oti ukakayika munthu umamuimitsa pomwepo n'kupita naye kukatsimikiza, amenewo anapangidwa ndi munthu wodziwa anthu.

"Funsani tione," ndinatero.

Ba Mpundu analemba mawuwo pa makina. Emelda anandiwerengera: stearin. Makinawo anaonetsa zobiriwira. Ba Mpundu anapukusa mutu n'kumwetulira.

"Alimo. Mwana wanu wanimenya futi, mayo."

"Chabwino. Ndiye sitiyarini ameneyu n'chiyani?"

Ndinatembenukira kwa mwanayo.

"Emelda, ndikufunsa iwe. Mawu waika wekha. Ndi nyama, ndi munthu, ndi matenda?"

"Sindidziwa, Mami."

"Sudziwa."

"Sitifunsa matanthauzo kuno," ba Mpundu anatero mofatsa. "Funso ni limozi chabe: mawu alimo kapena mulibe. Makina nayo sakamba tanthauzo."

Ndinamukoka Emelda kubwerera kutebulo lawo. Ndinaloza mzere wina pa bolodi. Uwu? Sadziwa. Uwu wa Z? Sadziwa. Uwu waufupi wa zilembo ziwiri? Anati umaloledwa. Ndinati sindinafunse ngati umaloledwa. Pa mawu onse anali pabolodipo, amene anatha kundiuza m'Chinyanja anali ochepa, oti ngakhale ine ndimawamva pa wailesi.

Ndinatembenukira kwa ba Kafula.

"Munati Chizungu chikwera. Mayeso akabwera adzamufunsa kuti mawu alimo kapena mulibe? Miyezi yonseyi ndasosola ndekha, msana kuwawa, kuti mwana azinyamula mawu osadziwa zimene zili mkati? Ine nkhuku ya m'thumba lomanga sindigula. Ndimamasula, ndione ngati ili ndi moyo."

Ba Mpundu anali atatulutsa foni, akufufuza.

"Apa akuti stearin ni mafuta olimba, yamene bapangila makandulo na sopo."

"Mwaona. Chinthu cha m'nyumba. Mpaka ndichite kukwera minibasi ine kuti mudziwe."

Ndinauza Emelda atenge chikwama chake. Apo ba Mpundu anaimirira bwinobwino, manja pamodzi.

"Mayo, napapata, musamuchose. Ku Kabwe kalabu iliyonse ifunika kubwela na mwana wa sukulu mkazi. Ngati palibe, sitiloledwa. Na basi ija batipasa chifukwa cha yeve."

Ba Kafula anawayang'ana bambowo ndi diso loti akadakhala nkhuku akadagwa pomwepo. Ine mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi. Mtengo uja ndinkaufunafuna ndinaupeza. Sanali satana, sanali mwamuna. Inali basi ya ku Kabwe.

"Ndiye kuti holo yonseyi ikukwera pamsana pa mwana wanga."

"Si choncho, bana Emelda."

"Ndi choncho. Tiye, Emelda."

Tinakwera minibasi, tinadutsa Kalingalinga. Kenako Emelda anayankhula akuyang'ana pawindo.

"Masewera aja ndinali kuwina."

"Ndaona."

"Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndimaposa anthu akuluakulu a mataye. Chimodzi. Ndiye mwabwera ndi epuloni ya magazi kudzandichotsa."

"Epuloni imeneyi ndi imene inagula nsapato wavalazo."

Misozi inatsika koma sanaipukute, ndipo ine sindinamupukute. Ndinkadziwa kuti mwanayo akufuna Kabwe kuposa chakudya. Koma mwana wamkazi sapita kukagona kutali ndi munthu amene mawu ake sanakwaniritsepo ngakhale kamodzi.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, ba Kafula anafika ndi envulopu. Anakhala pampando umene sindinawapatse.

"Bana Emelda, nalakwa, navomela. Izi ni ndalama. Mungalembe bantu babili bakusosoleleni, na chenji izasala."

Sindinaigwire.

"Ndinati manja."

"Manje kusiyana kwake ni chani? Nkhuku zizasosoledwa."

"Anthu awiriwo sakupita ndi mwana wanga ku Kabwe. Mukupita ndinu. Ine munthu sindimudziwira pa envulopu. Ndimamudziwira pa beseni, madzi akatentha, msana ukayamba kuwawa."

"Sininasosolepo nkhuku mu moyo wanga."

"Muphunzira. Inunso mwana wanga mwamuphunzitsa zimene sanachitepo."

Ndinawauza mmene zikhalire. Lachisanu ndinali ndi oda ya nkhuku za kicheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ku Kalingalinga, khola lonse. Basi yawo inali kunyamuka Loweruka m'mawa. Abwere Lachisanu, akhale pa beseni mpaka nkhuku yomaliza, ngongole yonse ithere pomwepo. Chachiwiri, kuyambira tsopano mawu aliwonse amene mwana aloweza abwere ndi tanthauzo lake, andiuze m'Chinyanja ine ndimve. Akapanda kubwera, Emelda sapita, ndipo a mataye aja akayende pansi.

"Lachisanu nili pa nchito."

"Pemphani ofu. Kapena muwauze kuti kuli maliro ku Matero, mumadziwa kanenedwe kake."

Anaimirira, anabweza envulopu m'chikwama, anatuluka osatsanzika.

Sabata imeneyo m'nyumba munali ngati mwalowa mlendo. Emelda ankagwira ntchito zake zonse, mwinanso kuposa, koma mawu kwa ine anali eya ndi ayi basi. Milomo inasiya kuyenda. Kathumba kanali pa msomali, osakakhudza. Ba Kafula ndinkawaona m'mawa akudutsa, maso kutsogolo, zikhadabo zili zofiirabe. Ndinkaziyang'ana tsiku lililonse zikhadabozo, chifukwa yankho linali pamenepo.

Lachisanu ndinayatsa mbaula ziwiri, ndinateleka madzi m'migolo. Emelda anali pa holide, anakhala pa beseni lake osauzidwa. Dzuwa linatuluka, linakwera pamwamba pa mpanda. Kuseri kwa ba Kafula kunali zii, chitseko chotseka.

"Waona," ndinatero. "Anthu ako."

Emelda anazula nthenga mwamphamvu mpaka khungu linang'ambika, chinthu chimene sachita.

Tinali titamaliza zingapo pamene geti linalira. Ba Kafula analowa atavala chitenje chakale ndi duku, kumapazi mapatapata. Ndinayamba ndayang'ana zala. Zikhadabo zonse zinali zitadulidwa mpaka pamnofu.

"Mwachedwa."

"Nenze kusakila wonigwilila shifiti. Nikhale pati?"

Ndinawakankhira chitini chokhalira ndi beseni. Nkhuku yoyamba anaigwira ngati yawaluma kale. Anaiviika m'madzi nthawi yaitali mpaka khungu linayamba kupsa.

"Sitikuphika, tikusosola. Viikani, tulutsani, yambani mapiko madzi asanazizire."

"Yatentha."

"Ikazizira nthenga zimakana. Sankhani."

Yachiwiri anaing'amba pachifuwa. Ndinaiika pambali n'kuwauza kuti imeneyo ndi ya mkwatibwi, adzafotokoza okha. Emelda anaseka mwangozi, n'kudzigwira pakamwa. Pa matumbo ndiye panali nkhani. Nditawaonetsa polowetsa dzanja, anathamangira kuseri kwa khola. Ndinamva akulavula. Ndinaganiza kuti apitirira mpaka kwawo, koma anabwerera, anatsuka mkamwa, anakhalanso pachitini.

Apo ndiye ndinayamba mafunso. Munthu manja akakhala m'mimba mwa nkhuku alibe nthawi yokonza bodza.

"Ku Kabwe mwana agona kuti?"

"Pa sukulu ya atsikana. Chipinda chimozi na ine."

"Ba Mpundu?"

"Amuna bali kwina, kutali."

"Kutali bwanji?"

"Kufunika motoka."

"Amayi anu ali moyo?"

"Bali ku Kitwe, ku Chimwemwe."

"Mundipatse nambala yawo. Osati yanu, yawo. Ndiimba lero, ndimve ngati akudziwani."

Anaitchula pamtima, Emelda anaiika mufoni yanga.

"Mwamuna wanu ali kuti?"

"Ninamupitikisa."

"Chifukwa?"

"Enze kufunsa mafunso maningi."

Ndinawayang'ana. Anandiyang'ananso, nthenga itamata pachipumi. Ndinaisiya nkhani imeneyo.

"Nanga za basi munandibisiranji?"

"Ngati ninakuuzani, sembe munanilipilisa."

"Zoona."

"Koma mwana ninamutenga basi isanamveke. Ninamuona akuwerenga manyuzipepala yamene mukulungila nkhuku. Za basi zabwela pambuyo. Mufuna mukhulupilile, mufuna musakhulupilile."

Sindinanene kuti ndakhulupirira. Ndinauza Emelda asambe m'manja, akatenge kathumba kake ndi foni ya ba Kafula, atisangalatse pamene tikugwira ntchito. Anayala tizilembo tinayi pa thireyi yogulitsira: A, E, R ndi T.

"Tiye. Mawu ndi katundu wake."

"Rate. Ndi mtengo, kapena mlingo wa chinthu."

"Umenewo ndimaudziwa. Wina."

Anasuntha tizilembo. "Tear. Kung'amba. Komanso msozi."

"Kung'amba kuja kwa ba anti ako pa nkhuku ya mkwatibwi. Wina."

Anasunthanso. "Tare." Anaima, anayang'ana ba Kafula.

"Osaniyangana ine, manja yanga yali mu matumbo. Funsa foni."

Emelda anawerenga, milomo ikuyenda, n'kumasulira pang'onopang'ono. "Akuti ndi kulemera kwa thumba kapena chitini chopanda kanthu, kumene umachotsera ukayeza katundu pa sikelo."

Ndinaika mpeni pansi.

"Chinthu chimenecho chili ndi dzina?"

"Eya, Mami."

"Bambo wogulitsa chakudya cha nkhuku uja amandiyezera pamodzi ndi ndowa yake yachitsulo. Ndikamuuza achotsere ndowa amati sakumva zimene ndikunena. Nenanso."

"Tare."

"Teya. Lolemba akamva."

Tinapitiriza choncho. Ena mwa mawuwo anali opanda ntchito, mayina a nsalu za kutali ndi mbalame zimene sizibwera kuno. Ndinati ngakhale amenewo awadziwe, kuti akamanyamula chinthu chopanda ntchito azidziwa kuti n'chopanda ntchito. Retina anati ndi kansalu ka mkati mwa diso kamene kamagwira kuwala. Nastier anati ndi choipa kuposa chinzake, ndipo ba Kafula anati ndiwo matumbo a nkhuku yachiwiri poyerekeza ndi yoyamba.

Dzuwa litapendeka, zala za ba Kafula zinali zofiira popanda utoto, zotupa, chimodzi chomangidwa kansanza. Sanafulumire ngakhale pang'ono, Emelda ankamaliza zitatu iwo ali pa imodzi. Koma sanadzuke. Azimayi a mumsewu wathu ankadutsa pageti mobwerezabwereza ngati ataya kanthu, kuti aone mayi wa m'sitolo ya mankhwala ali pachitini. Mmodzi anafunsa ngati ndalemba wantchito watsopano. Ba Kafula anamuyankha okha kuti inde, ndipo abwana ake ndi ankhanza.

Ndisanatseke khola ndinaimba nambala ija. Anayankha mayi wokalamba, wa Chibemba chokhachokha. Tinamvana movutika, koma nditatchula Kafula anayamba kudandaula kuti mwana ameneyo saimba foni, ndipo anandifunsa ngati akudya. Ndinati lero adya.

Nkhuku yomaliza ndinawasiyira. Anaiviika, anaitulutsa pa nthawi yake, anayamba mapiko. Inatuluka yoyera, khungu lathunthu. Ndinaitembenuza mbali zonse kufuna poti ndinene, ndinapeza kanthenga kamodzi pakhosi, ndinawaonetsa, anakazula.

Ndinatenga pulasitiki n'kuikamo mapazi, mitu ndi matumbo otsuka. Kuno wososola nkhuku za mnzake amapita ndi zimenezo, ndiwo malipiro ake, ndipo ukamupatsa ndiye kuti ntchito yatha, palibenso chonena. Ndinaonjezera nthutumba ziwiri, kenako ndinabwezapo imodzi.

"Tengani. Ngongole yatha."

Anailandira ndi manja awiri, akuiyang'ana mokayika.

"Manje Emelda?"

"Emelda akalongedze. Mawa ndimuperekeza ndekha mpaka pa basi, ndikaone nkhope ya dalaivala."

Mwanayo anali atalowa kale m'nyumba, ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Ba Kafula anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lina pamsana, lina litanyamula pulasitiki kutali ndi chitenje.

"Bana Emelda, ivi vimapazi baphika bwanji?"

"Kuphunzitsa kuphika ndi nkhani ina," ndinatero. "Mukabwera ku Kabwe tidzakambirana mtengo."